Notisi ya mwezi umodzi kwa walendi waulumali

Wofunsa: Bambo, ndili ndi nyumba za lendi ku Ndirande. Mmodzi mwa alendi anga ndi waulumali, amayenda pa njinga ya olumala. Sitinalemberane kalikonse, amangolipira mwezi ndi mwezi. Ndikufuna atuluke. Kodi malamulo akundiletsa?

Mlangizi: Ulumali wa walendi sumanga manja mwininyumba, mayi. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, ndipo la mwezi ndi mwezi limathetsedwa ndi notisi ya mwezi wathunthu. Muilembe papepala, pepala lina musunge. Akakana kutuluka nkhani imapita kukhoti, ndipo otulutsa katundu ndi masherifu, osati anyamata a pamsika. Kuzula chitseko, kusasula malata kapena kudula madzi, zimene eninyumba ena anazisandutsa mwambo, kungachititse kuti woimbidwa mlandu mukhale inuyo.

Wofunsa: Zozula chitsekozo sindingachite. Ndiye ndingolemba notisiyo, poti chifukwa chake palibe wondikakamiza kuchinena.

Mlangizi: Ineyo mundiuze. Ali ndi ngongole ya lendi?

Wofunsa: Ayi, amalipira. Koma wapempha kuti pa masitepe a pakhomo pakonzedwe potsetsereka, akutinso khomo la chimbudzi ndi lopanikiza. Mawa adzapempha china. Nyumbatu ndi yanga.

Mlangizi: Apa ndiye pagona nkhani. Akadakhala wangongole, kapena mukadafuna kulowamo nokha, ndikadangoti tsatirani ndondomeko. Koma chakutopetsani ndi njinga yakeyo, ndipo kutulutsa munthu pa chifukwa chimenecho ndi tsankho. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino, a mu 1994, limatchula ulumali pakati pa zinthu zosayenera kusalira munthu, ndipo gawo 15 limati ufulu umenewu aziulemekezanso anthu wamba, osati boma lokha. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo loteteza anthuwa mu 2012, ndipo mu 2024 linaika lina m'malo mwake. Kuloledwa kuthetsa pangano osatchula chifukwa ndi nkhani ina; kulithetsa pa chifukwa choletsedwa ndi inanso.

Wofunsa: Nanga khoti lingadziwe bwanji za mumtima mwanga, ine nditangolemba kuti ndikufuna nyumba yanga?

Mlangizi: Mayi, ngati mwabwera kuti ndikuphunzitseni kubisa, mwasokera. Komanso majisitireti si mwana. Adzayang'ana tsiku limene munthuyo anapempha potsetsereka ndi tsiku la notisi. Adzaona kuti alendi ena onse adakalipo, kuti malisiti ake alibe mpata, ndi kuti mwalowetsa wina pa mtengo womwewo. Musaganizenso kuti alibe kolowera: bungwe la Legal Aid Bureau limaimirira osowa ndalama ya loya, la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo a tsankho, ndipo FEDOMA ndi mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali eniake.

Wofunsa: Komabe ine si boma. Lendi imeneyi ndi imene ndimadya ndi kulipirira ana fizi. Simenti agula ndani?

Mlangizi: Pamenepo mwanena zoona, ndipo palibe amene akuti mugwetse nyumba n'kumanganso. Chimene wapempha ndi matumba ochepa a simenti, mchenga ndi mmisiri wokuza khomo. Mungathe kugawana mtengo, kapena iye akonze yekha inu mutamulola polemba, kapena muzimuchotsera pang'onopang'ono pa lendi. Muyerekeze zimenezo ndi nyumba kukhala mwezi wopanda munthu, kenako n'kulowa wina amene simukudziwa kalipiridwe kake. Muganizirenso Ndirande mmene ilili: zitunda, tinjira ta miyala, ngalande zodumpha, zimbudzi zokumba za kuseri. Woyenda ndi miyendo amapeza nyumba ina msanga, pamene wa pa njinga ayenera kupeza imene njingayo ingafike pakhomo, ndipo zotero n'zowerengeka. Ngakhale patakhala chifukwa chomveka, mwezi umodzi ndi malire a lamulo chabe. Ine ndingati mumupatse miyezi itatu.

Wofunsa: Sindinavomere kuti chilichonse chimene angapemphe ndichita. Za chimbudzizo ndikaona kaye mtengo.

Mlangizi: Kaoneni mtengowo. Koma notisiyo musalembe. Itanani mmisiri ayeze pakhomopo walendiyo ali pomwepo, ndipo zimene mugwirizane muzilembe, nonse musainire pamaso pa mboni.