Za Buku Lakale la Bede Woyera ndi Manja Amene Linapitamo

Phunziro la mwezi uno lili la buku limodzi lolembedwa pamanja m'Chilatini, limene lakhala zaka zoposa 1,280 ndipo likalipo kufikira lero. Lisungidwa m'nyumba ya mabuku ya sukulu yaikulu ya Cambridge ku England, ndimo anthu ophunzira alitcha Moore Bede. Mau ache asimba mbiri ya Eklezia pakati pa Angerezi, ndiko kuti umo mtundu uja unasiyira milungu ya makolo ao ndi kulandira ubatizo. Ife a kuno ku Kaseye, amene agogo athu anamva Uthenga dzulodzuloli, titchere khutu, pakuti Angerezi naonso anali akatekumeni nthawi ina.

Mwini mau ndiye Bede Woyera, mmonke wa ku Jarrow m'dziko la Northumbria, kumpoto kwa England. Analowa kwa amonke ali ndi zaka 7, natsiriza mbiri imeneyi m'chaka cha 731, namwalira mu 735. Anaigawa magawo asanu, nasimba za Augustine ndi anzache, amene Papa Gregory anawatuma nafika ku Kent mu 597, ndi za mafumu amene anabatizidwa, ndi ena amene anabwerera m'mbuyo. Koma buku loyamba lija, lotuluka m'nyumba ya Bede mwini, linatayika kalekale. Otsala ndi mabuku amene alembi ena anatsanzira, ndipo ili la ku Cambridge lili limodzi mwa awiri akale koposa onse.

Tsono taonani maonekedwe ache. Masiku amenewo ku England kunalibe pepala, kunalibenso makina osindikizira. Masamba a bukuli ali a chikopa. Mmisiri ankatenga chikopa cha mwana wa ng'ombe kapena cha nkhosa, nachiviika m'madzi, nachipala ubweya, nachikunga pamitengo monga tikungira ng'oma, nachipalanso kufikira chitapyapyala ndi kusalala mbali zonse ziwiri. Pamenepo ankachidula, napinda chidutswa chilichonse pakati, nalowetsa china m'kati mwa chinzache, nazisoka ndi ulusi. Mlembi ankalemba ndi nthenga ya mbalame yosongola. M'buku ili muli masamba otere 128, olembedwa kuno ndi kuno, m'litali masentimita 29, m'lifupi 21, ngati pepala lalikulu la mu ofesi. Inu oweta ng'ombe mudziwa nokha mtengo wache: buku limodzi linkadya ziweto zambiri, kotero kuti munthu wamba sakanatha kukhala nalo.

Lonseli analemba ndi munthu mmodzi, ndipo analemba mofulumira. Izi zioneka pa ntchito yache. Mizere yache idutsa tsamba lonse kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete, 30 kapena 33 pa tsamba limodzi; mau athinana, ambiri awadula kuti asunge malo ndi nthawi; zokometsera za utoto zisowa; ndipo apo ndi apo dzanja lache linaphonya. Linzache lakale lija, limene lili ku St Petersburg m'dziko la Russia, analemba ndi alembi anayi mosathamanga, m'mipanda iwiri pa tsamba, ndi malemba oyamba okongoletsedwa, ndimo zolakwa zache nzochepa. Ife tiyesa kuti panali anthu amene ankadikira buku la mlembi wofulumira uja, monga mpingo wakumudzi udikira katekisimu, ndipo sitimdzudzula chifukwa cha liwiro lache.

Tsamba lotsiriza ndilo litikoka mtima koposa. Pamenepo pali maina a mafumu a Northumbria ndi zaka za ufumu wao, ndi chiwerengo cha zaka zimene zinapita chichitikire zinthu zina zazikulu. Anthu ophunzira powerengera zaka zimenezi apeza kuti ziloza chaka cha 737, ndiko kuti zaka ziwiri zokha Bede atamwalira. Pa tsamba lomwelo pali nyimbo yaifupi. Bede anasimba za Caedmon, wosamala ziweto za nyumba ya amonke ya ku Whitby, munthu wosaphunzira, amene ankathawa pamaphwando poopa kuimba, koma usiku wina m'tulo analandira mphatso yakuimbira Mlengi m'chinenero cha kwao. Bede anaika tanthauzo la nyimboyo m'Chilatini mokha. Koma mlembi wathu, atatsiriza ntchito yonse, anailembanso m'Chingerezi cha ku Northumbria, monga anthu ankaimbira. Mizere yochepa imeneyo ili pakati pa ndakatulo zoyamba zolembedwa za Chingerezi chonse, chinenero chimene lero ana athu achivutikira m'sukulu. Nthawi imeneyo chinali chinenero cha kumudzi, chopatsidwa malo otsala kumapeto kwa buku.

Apa tiime pang'ono. Kuno kwathu tiimba m'Chilambya, m'Chindali, m'Chisukwa ndi m'Chinyika, ndipo nyimbo zina zimene akhristu oyamba anapeka zikhala m'mitima ya nkhalamba zowerengeka. Nkhalambazo zikapita, ndani adzaziimba? Amene mudziwa kulemba, khalani pansi ndi agogo, mulembe mau monga atuluka pakamwa pao, osawakonza kuti amveke ngati Chichewa kapena Chitumbuka.

Tibwerere ku ulendo wa bukuli. Silinakhalitse ku England. Cha m'ma 800 linali tsidya la nyanja, m'dziko la mfumu Charlemagne, amene anasonkhanitsa aphunzitsi ndi mabuku kunyumba yache yachifumu; mkulu mmodzi wa aphunzitsiwo anali Alcuin wa ku York, mwana wa Northumbria yomweyo. Umboni wache uli pa tsamba lotsiriza lomwe lija, pamene dzanja lina linaonjeza mau m'malemba a mtundu wa ku France wa masiku amenewo. Mabuku ambiri a mbiri ya Bede opezeka m'maiko a tsidya lija anatsanziridwa kuchokera kwa ili, kapena kwa ana ache. Kuchoka kumeneku kunali mwayi, pakuti mu 793 achifwamba a panyanja ochokera kumpoto anafunkha Lindisfarne, ndipo m'zaka zotsatira nyumba za amonke za Northumbria zinapasuka pamodzi ndi mabuku ambiri.

Pambuyo pache linakhala la tchalitchi chachikulu cha Julien Woyera ku Le Mans, m'dziko la France, ndimo tidziwa ichi popeza wina analembamo dzina la mwini. Kadzina kotere ndiko kaunikira njira ya buku. Nanga mabuku athu a mapemphero, makadi a ubatizo ndi makaundula a m'mipingo yakumidzi? Ambiri alibe dzina, alibe mudzi, alibe chaka, ndipo ena tiwaika pansi pafupi ndi khoma pamene chiswe chidutsa, kapena patsindwi pamene padontha. Lembanipo dzina, mudzi ndi chaka, muwasunge m'bokosi lotseka loikidwa pamwamba.

Pakati pa 1697 ndi 1702 bukuli linabwerera ku England, m'manja mwa John Moore, amene nthawi imeneyo anali episkopi wa ku Norwich, ndipo mu 1707 anasamukira ku Ely. Ndiye mwini dzina limene bukuli lidziwika nalo. Iye sanali wa Eklezia wathu, anali wa mpingo wa Anglican; koma tinene zoona, anasunga bwino ntchito ya mmonke wachikatolika, ndipo tiyenera kumthokoza. Atamwalira mu 1714, mabuku ache, amene anali ngati 30,000, akanatha kumwazika kwa ogula ambiri. Mfumu George I anagula onse pamodzi, nawapereka kwa sukulu ya Cambridge mu 1715.

Kumeneko likhala chikhalire, pansi pa nambala Kk.5.16. Osunga ache anajambula masamba onse nawaika pa intaneti, kotero kuti mwana wa sukulu wa ku Chitipa, akapeza foni kapena kompyuta, angathe kutsegula tsamba la 128 ndi kuona kuseri kwache nyimbo ya Caedmon m'malemba aang'ono, pamwamba pa maina a mafumu.