Fungo lokha lisakunamizeni

Ana anga amene mwabwera kudzaphunzira kuno ku yunivesite ya Murdoch, tcherani khutu. Seputembala akafika, tchire la kuno limadzaza maluwa, ndipo mudzaona zomera zonga za kwathu. Mudzafikisa tsamba, kununkhiza, n'kufuula kuti, "Mpungabwi uyu!" Dekhani. Fungo lokha lisakunamizeni.

Banja la mpungabwi ndi buye, limene ophunzira amati Lamiaceae, lili ndi zizindikiro zake. Potokolani tsinde pakati pa zala, mumva ngodya zinayi. Masamba amakonda kumera awiriawiri moyang'anizana. Duwa limakonda kukhala ndi milomo iwiri, wam'mwamba ndi wam'munsi. Likafota, suzumirani m'kachikho kake, mupeza tinjere tinayi. Werengani zonse. Ndati zonse, osati chimodzi. Lantana nayenso tsinde lake n'langodya zinayi, koma ndi wabanja lina, ndipo amapha ng'ombe.

Pamchenga, pansi pa mitengo ya banksia, mupeza Hemiandra pungens woyanga pansi, wamasamba obaya ndi maluwa amadontho kukhosi. Dzinalo anamupatsa ndi Robert Brown mu 1810. Musamuthyole. Lamulo la 2016 la Western Australia limaletsa kuthyola zomera zachilengedwe pamalo a boma popanda chilolezo. Jambulani ndi foni, mukafananize pa intaneti pa Florabase. Zikavuta, nyumba yosungira zomera ya Western Australian Herbarium ili ku Kensington, si kutali.

Tsono mverani zanga. Ndinapeza kachomera pamalo achinyontho, kotumbululuka, maluwa ake ounjikana mozungulira tsinde ngati mikanda. Zizindikiro za banjali zinalipo. Fungo lake lokoma zedi. Sindinafunse munthu. Ndinathyola mtolo, kuwiritsa, kumwa makapu angapo poti ndinali ndi chimfine. Usiku m'mimba munayamba kupota. Ndinasanza mpaka kutha mphamvu. Adokotala anayeza magazi, nati chiwindi chakhudzidwa. Ganyu inandithera, lendi ndinachita kukongola, ndipo kumudzi mwezi umenewo sindinatumizeko kanthu. Safunsa anadya phula.

Kanali pennyroyal, Mentha pulegium, kobwera kuchokera ku Ulaya, kamene kafalikira m'madambo a kum'mwera chakumadzulo kwa Australia. Banja ndi lomwelo ndithu, koma mafuta ake amawononga chiwindi. Kudziwa banja si kudziwa chomera. Mvetsani, si kudziwa chomera.

Makamaka inu ana anga aakazi. Wina akadzakunong'onezani kuti tiyi wake amakonza za kumwezi kapena amachotsa pakati, kanani. Alipo atsikana amene anamwa mafuta ake n'kumwalira.