Asilikali a M'thupi Nawonso Amafuna Chakudya

Abale ndi alongo a ku Tembwe, chilala chikatha maso athu amakhala pa nkhokwe. Koma njala, monga ija ya 1992 ndi ya 2024, imagwetsanso chinthu china chosaoneka ndi maso, ndicho chitetezo cha m'thupi.

Thupi lili ndi mpanda wake: khungu, mamina, misozi ndi asidi wa m'mimba. Tizilombo toyambitsa matenda tikaboola mpandawu timakumana ndi maselo oyera a m'magazi, amene anamwino amawatcha asilikali a m'thupi. Ena mwa iwo amameza tizilomboto, ndipo mafinya a pachilonda ndiwo mitembo ya asilikali pamodzi ndi adani awo. Mwanabere amene amatupa m'phechepeche munga ukakulasani kuphazi ndi malo amene asilikali asonkhana. Ena amasula zida zoyenerana ndi mdani mmodzi yekha, namukumbukira kwa zaka zambiri. Katemera amagwira ntchito pamenepa: amaonetsa asilikali mdani wofooketsedwa kuti adzamudziwe msanga akadzabwera ndi mphamvu.

Tsono asilikali ndi zida zawo amapangidwa ndi chakudya. Nsima kapena mpunga wokha umakhutitsa, koma sukwanira. Pamafunika nsawa, nyemba, nsomba kapena dzira. Pamafunikanso vitamini A wa m'masamba obiriwira, maungu, mango ndi mapapaya, amene amalimbitsa m'kati mwa khosi, mapapo ndi matumbo. Mwana amene anaonda ndi njala amakhalabe ndi asilikali ofooka ngakhale chimanga chatsopano chitalowa m'nyumba.

Chenjerani makamaka ndi chikuku. Mu 2019 akatswiri anasonyeza kuti chikuku chimafafaniza zambiri zimene thupi linali kukumbukira za matenda ena. N'chifukwa chake mwana amatha kuchira chikuku, koma patapita miyezi ingapo n'kugwidwa ndi chibayo kapena kutsegula m'mimba koopsa. Pamudzi timayamba kulozana zala kuti wina wamulodza. Ine zimenezi zimandimvetsa chisoni, pakuti masiku amene timataya pofunafuna mfiti ndi amene mwanayo akanalandira mankhwala.

Katemera wa chikuku amaperekedwa kawiri, mwana akakwanitsa miyezi 9 ndiponso miyezi 18. Ambiri timaiwala wachiwiriyu. Vitamini A amaperekedwa miyezi 6 iliyonse, kuyambira mwana ali ndi miyezi 6 kufikira zaka 5. Amayi, mkaka woyamba wachikasu uja musaufinyire pansi. Muli zida zimene thupi lanu lasulira khandalo. Mwana akadwala musaleke kumuyamwitsa, ndipo akachira muonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata awiri. Abambo, pogulitsa nsawa siyaniko zosinja za phala la ana.

Madzulo ano tulutsani khadi la mwana aliyense wosafika zaka 5. Ngati pali katemera amene anaphonya, pitani naye kuchipatala mvula isanadule misewu ya m'chigwa cha Luangwa.