Kodi n'kofunikadi kukawerenga ndowe za njovu?

Funso: Ndili m'chaka chomaliza ku yunivesite. Aphunzitsi amene akundiyang'anira pa kafukufuku akuti ndikathe milungu ingapo ku Liwonde ndikuwerenga ndowe za njovu. Kodi si kutaya nthawi, poti makolala a GPS alipo kale? Wophunzira, Zomba.

Yankho: Aphunzitsi anuwo akukufunirani zabwino. Kolala imavekedwa njovu zochepa chabe, ndipo imangonena kumene njovuyo yadutsa. Siinena chimene yadya, kapena chifukwa chimene yasiyira mtsinje wa Shire n'kulowera kuminda ya anthu. Zimenezo mumaziona mukagwada pansi, n'kuphwanya ndowe ndi kamtengo, n'kupezamo njere za mfula kapena makoko a chimanga. M'zaka za 2016 ndi 2017, njovu zoposa 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete, zambiri kupita ku Nkhotakota, chifukwa zinachulukitsa moti zinkawononga mitengo ndi mbewu. Kuwonongeka kotereku kumayezedwa ndi munthu woyenda pansi, amene amasiyanitsa mopane wothyoledwa dzulo ndi wothyoledwa chaka chatha.

Mwina munganene kuti ulendowu ndi wodula komanso woopsa. N'zoona, ndipo apa ndi pamene woyang'anira wabwino amadziwikira. Sakutumani ngati mwana wopita kumsika. Amakuthandizani kupeza chilolezo ku Dipatimenti ya Nyama Zakutchire, amaonetsetsa kuti muziyenda ndi mlonda wamfuti, ndipo masiku oyamba amayenda nanu, kukonza kalembedwe kanu zolakwa zisanazike mizu. Ngati anuwo sananenepo kanthu pa zimenezi, kawafunseni mwaulemu musananyamule chikwama. Akayankha bwino, pitani.