Chala chikakana kupinda

Anzanga, nyengo yodula mpunga kuno ku Domasi chikwakwa chimacheka ambiri. Ndiye ndati tikumbutsane za mtsempha wolumikiza mnofu ndi fupa. Mtsemphawu ndi chingwe cha kolajeni, ndipo umachedwa kupola chifukwa magazi amafikako ochepa.

Ukaduka, madokotala amausoka. Mpata ukakula, amadula mtsempha wina pamkono n'kulumikizira. Pano asayansi akunja akuluka kaukonde ka kolajeni wa ng'ombe kapena ka silika. Maselo amayangapo ngati nyemba paphesi la chimanga, kaukondeko n'kumasungunuka pang'onopang'ono.

Koma ife tisadikire zimenezo. Mukadzicheka, yesani kupinda chala chilichonse. Chikakana, osangomanga kansanza ayi! Thamangirani kuchipatala cha Domasi tsiku lomwelo, akutumizeni ku Zomba Central. Mukachedwa, mtsempha wodukawo umathawira m'kati, kuusoka n'kuvuta.