Ampulifaya ya Gitala ya Dijito: Kachunidwe ka Mawu Ake

Kapepala aka talembera inu amene mumayimba gitala yamagetsi ku tchalitchi, pa ukwati kapena m'bandi, ndipo mwapeza ampulifaya ya dijito monga Boss Katana, Fender Mustang kapena Line 6 Spider. Makinawa savuta kunyamula, ndipo bokosi limodzi limatulutsa mawu a ampulifaya zambiri. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amataya nawo mtima msanga, amati gitala ikulira mophwanya makutu kapena ikumira anzawo akayamba kuyimba, pamene vuto lili pa timabatani tinayi tokha: Bass, Middle, Treble ndi Presence.

Makinawa ndi otani

Ampulifaya zakale zinkakuza mawu ndi mavalavu agalasi otentha. Ya dijito ili ndi kakompyuta m'kati kamene kamatsanzira zakalezo. Kampani ya Line 6 inatulutsa imodzi mwa zoyamba mu 1996, kenako POD mu 1998. Mukasankha Clean, Crunch kapena Lead, mwasankha ampulifaya ina, ndipo mabatani a mawu nawonso amasintha khalidwe. Bass ikakhala pa 5 ku Clean siimveka chimodzimodzi ku Lead.

Mawu a pansi, a pakati ndi a pamwamba

Nsambo ikakhudzidwa imanjenjemera, ndipo kunjenjemera kwake pa sekondi imodzi timakuyeza ndi Hz. Nsambo yaikulu ya gitala, ija ya E, imanjenjemera ka 82 pa sekondi; yaing'ono kwambiri ka 330. Pamwamba pa noti iliyonse pamakhala timawu tina topyapyala, ndipo timeneti ndi timene timachititsa kuti gitala isamveke ngati kiyibodi. Sipika ya gitala imatulutsa bwino mawu mpaka cha pa 5,000 Hz, kenako imayamba kugonja.

Bass imagwira mawu a pansi, okhuthala. Treble imagwira a pamwamba, akuthwa, aja omveka piki ikamenya nsambo. Presence ili pamwamba pa Treble ndipo imachititsa gitala kumveka ngati ili pafupi ndi khutu, ikachuluka imalasa. Middle ndiye mwini nkhani. Gitala imakhala pakati, ndipo pamene anthu a kumbuyo kwa tchalitchi amayimvera ndi pamenepo.

Chimene ambiri sachidziwa

Tinazolowera wailesi, pamene batani likakhala pakati ndiye kuti silikuwonjezera kapena kuchotsa kanthu. Ampulifaya ya gitala siitero. Kalumikizidwe ka mabatani atatu a Bass, Middle ndi Treble kanatchuka ndi Fender Bassman chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo Marshall anakatengera pa ampulifaya yake yoyamba, JTM45, mu 1962. M'kalumikizidwe kameneka mabataniwo sawonjezera mawu ayi, amangochotsa, kwambiri kapena pang'ono. Onse atatu akakhala pa 5, mawu a pakati amakhala atakumbidwa kale dzenje, cha pakati pa 400 ndi 800 Hz malinga ndi mtundu wa ampulifayayo. Kuti mawu ayandikire kufanana, mumafunika kutsitsa Bass ndi Treble n'kukweza Middle. Pa zina, mukatsitsa onse atatu mpaka pa 0, gitala imangoti zii.

Komanso mabataniwa ndi omangirirana. Mukapotokola Treble, dzenje lija limasuntha, ndipo Bass ndi Middle zimamveka mosiyana ngakhale simunazikhudze. Zili ngati mchere ndi tomato mu ndiwo: mukawonjezera chimodzi muyenera kulawanso mphika wonse. Opanga ampulifaya za dijito anatsanzira dala khalidwe limeneli, choncho musaganize kuti yanu yawonongeka. Ndipo mukasankha mawu otsanzira Vox AC30, mungapeze batani lolembedwa Cut, limene limayenda chobwerera: mukalikweza, mawu a pamwamba amachepa.

Kachunidwe kake

Chunani ampulifaya ikulira pa mlingo umene mudzayimbire pagulu. Khutu la munthu silimva bwino mawu a pansi phokoso likakhala lochepa, monga anasonyezera akatswiri awiri, Fletcher ndi Munson, mu 1933. N'chifukwa chake mawu amene munawakonza usiku kuchipinda, motsitsa kuti ana asadzuke, amasanduka chiphokoso chogunda ndi cholasa mukawakweza Lamlungu.

Zimitsani kaye Reverb, Delay ndi Chorus. Ikani mabatani onse pakati, ndipo potokolani limodzi limodzi kuchoka pa 0 mpaka kumapeto uku mukuyimba kachigawo kamodzimodzi, kuti khutu lidziwe ntchito ya lililonse. Kenako itanani anzanu ayimbe nanu, chifukwa mawu okoma muli nokha nthawi zambiri si amene amakoma m'bandi.

Gitala ikamamira, musathamangire Volume, kwezani Middle. Ikamagundana ndi besi, tsitsani Bass, pakuti besi gitala imatsika mpaka 41 Hz ndipo kumeneko ndi kwake pamodzi ndi ng'oma yaikulu. Ikamalasa, yambani mwatsitsa Presence musanakhudze Treble. Ife timalimbikitsa kuchotsa chimene chachuluka m'malo mowonjezera chimene chikuoneka ngati chasowa, chifukwa kukweza zonse kumangodzaza makinawo mpaka mawu kuphwanyika, ndipo kuphwanyika kwa dijito n'kosakoma m'pang'ono pomwe.

Gain si Volume. Gain ikakwera mawu amakhakhala, ndipo Bass yambiri pamenepo imasandutsa makodi phala. Woyimba lidi ya sungura kapena rumba asiye Gain pansi, Treble ikwereko, Middle ikhale pakati kapena kupitirira pang'ono kuti noti iliyonse imveke payokha. Wodula rithimu ya rege atsitse Bass kwambiri. Woperekeza kwaya achepetse Presence, chifukwa mawu a pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz, amene khutu limawamva msanga, ndi amenenso amathandiza kuti mawu a nyimbo amveke bwinobwino. Gitala isalande malo a oyimba.

Ikwalaiza ya m'kati

Ampulifaya zambiri za dijito zili ndi ikwalaiza ina yobisika, imene mumayipeza polumikiza foni kapena kompyuta. Ya graphic imagawa mawu m'timagawo. Mwachitsanzo pedulo yotchuka ya Boss GE-7 ili ndi timagawo 7, kuyambira 100 mpaka 6,400 Hz. Ya parametric imakulolani kusankha nokha malo, kuchuluka kwake, ndi Q, amene ndi kutambalala kwa malo mukugwirawo. Mukamva kaliwu kosautsa, kwezani kagawo kopapatiza, kayendetseni mpaka kaliwuko katulukire poyera, ndiye mukatsitse.

Zothandiza koposa ndi Low Cut, yodula mawu a pansi, ndi High Cut, yodula a pamwamba, makamaka gitala ikamalowa mu mikisa ndi masipika akuluakulu, amene amatulutsa timawu tonse timene sipika ya gitala ikanatibisa. Yesani Low Cut cha pa 80 mpaka 100 Hz, ndi High Cut cha pa 6,000 mpaka 8,000 Hz. Onaninso pamene ikwalaizayo yaikidwa: ikakhala patsogolo pa Gain imasintha kakhakhalidwe ka mawu, ikakhala pambuyo imangosalaza zimene zatuluka.

Samalani ndi izi

Mukatsegula mawu amene munasunga kale, batani limene mukuliona pa 3 likhoza kukhala pa 8 m'kati mwa makina, ndipo mukangolikhudza mawu amalumpha. Pa Katana, dinani Panel kuti mumve zimene mabatani akuonetsa. Mukakhutira ndi mawu, asungeni musanasinthe tchanelo, ndipo jambulani mabataniwo pa foni.

Nyumba nayo imayimba. Tchalitchi cha malata, njerwa ndi simenti chimabweza mawu, choncho chepetsani Reverb ndi Treble. Ampulifaya ikakhala pansi pakona besi imachuluka. Ikwezeni pa mpando, sipika iloze kumutu kwanu. Ikaloza m'mawondo mudzakweza Treble mopitirira, a pa benchi yoyamba n'kumavutika. Tumani mnzanu akaime kumbuyo kwa holo akuuzeni zimene akumva.

Ngati mukugwiritsa ntchito jenereta, ilekeni iyambe yakhazikika musanalumikize ampulifaya, ndipo tsitsani Master musanayatse kapena kuzimitsa.