MUTU 9: NGWAZI YOSAGONJA M'NKHANI ZA ZOZIZWITSA

Zolinga

Pomaliza mutu uno muyenera kukhoza:
(a) kufotokoza cimene cimakopa ana m'nkhani za ngwazi ya mphamvu zopitirira muyeso;
(b) kuchula zofooka za nkhani zotere;
(c) kutsogolera ana kuti alembe nthano imene ngwazi yake ili ndi malire.

Mau oyamba

Mukapita kukayesera uphunzitsi m'sukulu za m'Kafue, kaya ku Shikoswe, ku Zambia Compound kapena ku Estates, kauzeni ana a Giredi 6 kapena 7 kuti apeke nthano yaoyao. Ambiri adzalemba zofanana: mnyamata abadwa ndi mphamvu zoopsa, akumana ndi cilombo pa mtsinje wa Kafue, acikantha kamodzi, cilombo n'kufa. Nkhani yatha isanakwane mizere 10. Anawa amatengera za m'makatuni ndi m'mafilimu, koma musafulumire kuwadzudzula, pakuti ngwazi yotere si mlendo pakati pathu.

M'nthano za Anyanja muli Kacirambe, amene Ayao amamucha Kalikalanje. Alice Werner anaisimba nthano yake m'buku la Myths and Legends of the Bantu la m'caka ca 1933. Mai wina analonjeza fisi kuti adzampatsa mwana amene adzabale. Mwanayo anabadwa akulankhula kale, ali ndi uta ndi mivi ndiponso agalu ake, ndipo misampha yonse imene mai wake ndi fisi anaichera anaidziwiratu. Atammanga kabelu kumwendo kuti fisi amzindikire, iye anamanga timabelu pa anzake onse, aliyense n'kumati ndiye Kacirambe.

Ubwino wa nkhani zotere

Coyamba, mwana ndi munthu wolamulidwa ndi aliyense: makolo, aphunzitsi ndi anzake akuluakulu. Akamva za kamwana kamene kapusitsa fisi, mtima wake umalimba. N'cifukwa cake ngakhale ana amene sakonda mabuku amachera khutu.

Caciwiri, nkhanizi zimalemeretsa cinenero. M'menemo ndimo mwana amaphunzirira mivekero monga phaa, khuu ndi zii, ndiponso luso la kukokomeza. Cimangirizo conena za ulendo wa kumsika sicipereka mpata wotere.

Cacitatu, mangidwe ake ndi osavuta. Mayeso amabwera motsatizana ndipo amafanana, kotero kuti mwana wowerenga mocedwa amatha kulosera cimene cikudza. Akaona kuti walosera bwino, amalimbikira kuwerenga.

Zofooka zake

Nkhani imakoma pamene womvera mtima uli m'mwamba, kuopa kuti mwina zinthu zilephereka. Ngwazi ikakhala yosagonjetseka konse, mantha amenewa amatha, ndipo cidwi cimathera pomwepo. Wolemba amayesa kukuza cilombo, lero ca mitu iwiri, mawa ca mitu 7, koma womvera adziwa kale mathero.

Cofooka cina n'cakuti ngwazi yotere siphunzira kanthu. Imene sinalakwepo ilibe cifukwa cosinthira, conco mmene inayambira ndi mmene imathera. Anthu ena a m'nkhanimo amasanduka oonerera ndi oombera m'manja cabe, pamene makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Ndiponso mwana akazolowera nkhani zokhazokhazi angayambe kuganiza kuti vuto lililonse limatha ndi nkhonya.

Mmene akatswiri amathetsera vutoli

Osimba aluso sacotsa mphamvu za ngwazi. Amasiya cinthu cimodzi cimene mphamvuzo sizingachinjirize. Njira zake ndi izi:

1. Malire. Samsoni wa m'buku la Oweruza anapha anthu 1,000 ndi cibwano ca bulu, koma mphamvu zake zinali m'tsitsi, ndipo Delila atadziwa cinsinsico anagwidwa. Superman, amene Jerry Siegel ndi Joe Shuster anamtulutsa m'caka ca 1938, anapatsidwa mwala womfooketsa wa kryptonite m'sewero la pa wailesi m'caka ca 1943.

2. Cotaya. Fisi sakanamgwira Kacirambe, koma tsoka lake linali m'nyumba momwe: wompereka anali mai wake. Atammeta mutu kuti fisi amdziwe mumdima, iye anameta mwamuna wa mai wakeyo usiku, ndipo fisi anapha ameneyo. Ngwazi inapulumuka, koma pakhomo panagwa maliro.

3. Cilango. Anyanga a ku Congo ali ndi nthano yaitali ya Mwindo, imene Daniel Biebuyck ndi Kahombo Mateene anaisindikiza m'caka ca 1969. Mwindo anabadwa akuyenda ndi kulankhula, nagonjetsa adani ake onse, koma atapha cinjoka Kirimu anatengedwa ndi Nkuba, mwini mphezi, kupita kumwamba. Kumeneko anazunzika ndi mvula ndi dzuwa kufikira ataphunzira kudzicepetsa.

4. Kudalirana. M'makatuni a Supa Team 4, amene anapekedwa ndi Malenga Mulendema wa kuno ku Zambia ndipo anayamba kuonetsedwa pa Netflix m'caka ca 2023, ngwazi ndi atsikana anai a mu Lusaka. Aliyense ali ndi luso lake, ndipo amapambana pogwirizana.

Taonani kuti m'njira zonsezi womvera amakhalabe ndi coopa. Ici ndico cimene muyenera kuwaonetsa ana.

Kaphunzitsidwe

Gawo 1: Simbani nthano ya Kacirambe pakamwa, osawerenga, ndipo ana azivomera kuti "tili tonse" monga mwa mwambo.

Gawo 2: Imani pamene mai wammeta mutu. Funsani: "Kodi citacitike n'ciani usiku uno? Ndani ali pa ngozi?" Landirani mayankho angapo musanamalize nthanoyo.

Gawo 3: Lembani pa bolodi mizati itatu: Ngwazi, Mphamvu zake, Cimene ingataye. Ana adzaze m'magulu, akuchula ngwazi za m'nthano, za m'Baibulo ndi za m'makatuni. Mzati wacitatu ndiwo udzawavuta, conco apatseni nthawi yokwanira.

Gawo 4: Mwana aliyense abwerere ku nthano yake ija. Asacepetse mphamvu za ngwazi yake, koma aonjezere cinthu cimodzi: mwiko umene sayenera kuuphwanya, mlongo wake amene sangathe kumteteza, kapena colakwa cimene wacita cifukwa codzitama.

Pocongera, musangoyang'ana kalembedwe ka mau. Dzifunseni ngati pali pamene munadera nkhawa munthu wina wa m'nkhanimo. Ngati palibe, lembani funso limodzi pansi pa nchito ya mwanayo, monga lakuti, "Kodi ngwazi yako imaopa ciani?" Mwana akaliyankha yekha funsoli, nthano ya mizere 10 ija imakula n'kudzaza tsamba.

Zocita

1. Funsani agogo kapena wamkulu wina wa kwanu nthano ya mwana wobadwa modabwitsa. Ilembeni, ndipo muiyerekeze ndi ya Kacirambe.
2. Kalulu alibe mphamvu za thupi, koma nzeru zake zimapambana kawirikawiri. Kodi nayenso ndi ngwazi yopitirira muyeso? Perekani zifukwa.
3. Konzani phunziro la Giredi 6 potsata magawo anai ali pamwambawa.